Manda a Achimizere

"Sitikumba," anatero Elifala, mkulu wa adzukulu, maso ali pansi. "Akaikidwe ku Lilongwe kwa azungu anzake."

Modesta anadzuka pamphasa namanga chitenje m'chiuno. Mwamuna wake, mzungu amene anthu a m'mapiri a Ntchisi ankamutcha Achimizere, anali chigonere m'nyumba tsiku lachiwiri, ndipo dzuwa la Okutobala silidikira maliro.

"Zaka makumi atatu mwadya naye, mwamwa naye. Lero wasanduka mlendo?"

"Mayi, mwamuna wanuyu ali bwana wa Boma anatsekera atate anga ku Dowa chifukwa chosaunda mizere yotchinga madzi. Anabwerako akutsokomola magazi. Kale tinkangomeza. Pano ndi matipate, munthu amanena."

"Matipate akutsegulani pakamwa, m'mutu ayi."

Modesta analowa m'nyumba natuluka ndi chitini chadzimbiri. Munali ndakatulo zimene malemuyo analemba atasiya ntchito ya Boma, zonyoza mabwana anzake, kenaka zonyoza ogulitsa makhadi a chipani. Zaka zonsezo mayiyu ankazibisa kudenga la chigafa, akumutukwana kuti adzaphetsa banja. Anasankha pepala limodzi nayamba kuwerenga mokweza ataika chala pansi pa mawu, poti sukulu analekera Sitandade 5.

"Ndinabwera ndi chipewa chachikulu, mutu waung'ono,
kudzaphunzitsa Zakeyu kulima, ine wosadziwa mpini.
Phiri linaseka, mvula inaseka,
Zakeyu yekha sanasekenso."

Atamva dzina la atate ake, Elifala anakhala pansi.

"Pepala silidzutsa munthu," anatero.

"Inenso ndinamuuza choncho. Ndinati ndiwe wamantha, pita ukagwade pakhomo pawo. Ankafika pamtsinje n'kubwerera. Chaka ndi chaka, galu ameneyu." Modesta anatembenuza pepalalo. "Kuseri kuno analemba mwezi watha. Akuti musamuike pakati pa anthu. Mumuike kumunsi, kumapazi kwa Zakeyu, kumene madzi amatsikira. Ndipo musaunde mzere uliwonse womutchinga."

Amayi a pasiwa analeka kusisima.

"Kumunsiko n'kwa miyala," anatero Elifala. "Tikumba mpaka madzulo."

"Kumbani. Nayenso anali wouma mutu."

Elifala anasolola bango pampanda, navula chipewa, nalowa m'nyumba kukayeza kutalika kwa mtembo.