Mkodzo wa Mlamu

A Malole anayamba ndi lole imodzi yakutha matayala, lero bwalo lawo ladzaza magalimoto. Pa boda iliyonse imene anadutsa ankagulapo makapusozi a mankhwala, n'kumawasunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa fuliji: ofiira, achikasu, ena olembedwa zilankhulo zimene palibe ankatha kuwerenga.

Ana onse atachoka, akazi awo anatsala m'chinyumba chachikulucho ndi mphaka. Ndi yekhayo amene ankamva mayiwo akamalankhula osawadula mawu. A Malole anamutcha mphakayo Mlamu, "poti amadya zanga osagwira ntchito."

Tsiku lina Mlamu anayamba kukodza timadontho ta magazi pa matailosi a kubafa, uku akulira. A Malole anatsitsa chitini.

"Awa anadzutsa dalaivala wanga kudoko, chimunthu chonga fuliji iyi. Ndiye kamphaka?"

Ankathira ufa wa kapusozi m'chakudya chake m'mawa ndi madzulo. Magazi analeka, koma kudya kunachepa, mpaka mayiwo anachonderera kuti apite naye kwa dokotala wa ziweto.

Dokotalayo anagoneka Mlamu pa tebulo lachitsulo, napopa mkodzo m'chikhodzodzo ndi singano.

"Uwu upita ku labu," anatero. "Akauika m'kambale kuti tizilombo timere, kenako ayese mankhwala osiyanasiyana aone amene angaphe tizilomboto. Koma mankhwala akamwedwa amakathera mumkodzo, ndipo mmenemo amachuluka kuposa m'magazi. Ngati wamwa kale, m'kambale simumera kanthu ngakhale matenda alipo. Mwamupatsako chilichonse?"

"Ife? Achimwene, ine ndayenda maiko. Ndimadziwa kuti za anthu n'za anthu, za ziweto n'za ziweto. Si choncho, mayi?"

Mayiwo anayang'ana singano ija, mkodzo uli mbuu m'kati. Chikwatiwire sanatsutsepo amuna awo pamaso pa mlendo. Amayi awo sanaterepo, azakhali awo sanaterepo.

"Ndi choncho, adokotala."

Zotsatira zitabwera, m'kambale munali moyera.

"Tizilombo palibe," anatero dokotala. "Mwina ndi nkhawa chabe, amphaka amatero. Azimwa madzi ambiri."

"Nkhawa!" A Malole anaseka mpaka agalu a m'makola anauwa. "Mlamu ali ndi malole angati pamsewu?"

M'galimoto anamenya chiwongolero ndi chimwemwe. "Mwamva nokha, mayi. Labu yonse yafufuza, osapeza n'kamodzi komwe. Ndinatimaliza ine!" Atafika kunyumba anabwezera chitini pamwamba pa fuliji, nati wodwala wachira.

Tizilombo totsalato tinakwera mwakachetechete mpaka ku impso. Mlamu anayamba kusanza, kubisala kuseri kwa makina ochapira, ubweya uli nyankhalala. Tsiku limene a Malole anapita kukalandira lole yatsopano, mayiwo anamukulunga m'thawulo n'kukwera takisi okha. Atafika kwa dokotala ananena zonse ali chiimire pakhomo, asanapereke n'moni womwe.

Dokotala sanakalipe. Anangovula magalasi n'kupukuta.

"Mukanandinong'oneza tsiku lija, mayi. Ndikanadziwa kuti kuyera kwa kambale n'kwabodza."

Ulendo uno m'kambale munamera thoo, ndipo makapusozi a m'chitini aja tizilomboto tinali titawazolowera. Mankhwala oyenera anapezeka, koma impso zinali zitatha kale. Mayiwo anagwira mutu wa Mlamu m'manja pamene dokotala ankabaya jakisoni womaliza, ndipo anamva kulemera kwake kukusintha.

Kunyumba anapeza lole yatsopano ili pabwalo, madalaivala akuizungulira, a Malole akuimba hutala.

"Wafa? Madokotala a masiku ano! Musalire, mayi, ndikugulirani wina wakunja, waubweya mpaka pansi, wobwera pa ndege. Si bwino choncho?"

Madalaivala onse anatembenuka kudikira yankho. Mayiwo anapinda thawulo lopanda kanthulo kawiri.

"Ndi bwino, bambo."