Mafayilo a Zilembo Zazing'ono

Mayi ake a Phee ankagwira ntchito yolengeza malonda. Munthu akakhala ndi sopo, mankhwala otsukira mano kapena sitolo yatsopano ya nsapato, ankabwera ku situdiyo ya amalume ake a Phee. Mayiwo ankalowa m'kachipinda kokhomedwa masiponji m'makoma, n'kuuza anthu kuti athamange katundu asanathe. Mawu amenewo anali osalala ngati opaka mafuta, koma sanali amene Phee ankawamva kunyumba. Akunyumba anali othamanga, osasa pang'ono, ndipo ankayamba kuseka nthabwala isanafike pakati.

Mayiwo anali ndi kachitidwe kawokawo. Ntchito iliyonse ankaisunga pawiri pa kompyuta yawo yakale. Fayilo yokonza bwino, yopita kwa kasitomala, ankailemba dzina ndi zilembo zazikulu: SOPO. Ina, ya zonse zimene maikolofoni yatola asanadule chilichonse, ankaipatsa dzina lomwelo koma ndi zilembo zazing'ono: sopo. M'menemo munkakhala kutsokomola, kuphonya mawu, kukalipira mpando wolira, ndi tinyimbo topanda mutu. Amalume ankati mlongo wawo akudzaza kompyuta ndi zinyalala. Mayi ankayankha kuti zazikuluzo n'za makasitomala, zazing'onozo n'zawo, ndipo wowawidwa mtima akagule kompyuta yake.

Mayi atamwalira, amalume anamutenga Phee, yemwe anali atangomaliza sukulu, kuti azithandiza pa situdiyo m'malo mongokhala kunyumba n'kumayang'ana khoma. Dzina loti Phee anamupatsa ndi mayi ake, chifukwa ankatha kukhala m'chipinda tsiku lonse anthu osadziwa kuti alimo. M'mawa uliwonse ankapukuta fumbi pa kompyuta yakale ija, koma mafayilo a zilembo zazing'ono sankawatsegula. Ankadziuza kuti adzamvetsera mtima ukakhala m'malo. Nkhope ya mayi ake inali pa zithunzi, koma kaseko kawo kanayamba kumupulumuka m'mutu pang'onopang'ono. Sankada nkhawa kwambiri. Ankadziwa pamene kasungidwa.

Kenako amalume anagula seva, kabokosi kakuda kokhala pansi pa tebulo, koti makompyuta onse a pa situdiyo azisungiramo mafayilo kudzera pa netiweki. Wodzailumikiza anali katswiri wina amene aliyense ankangomutchula kuti a Nthambo, munthu wa pakamwa posauma, woyenda ndi waya m'khosi ngati tayi. Atamva kuti Phee wangolemba mayeso, anamuseka kuti ndiye profesa wa pano, ntchito yosamutsa mafayilo angaigwire ali mtulo. Anamuonetsa kakokedwe ka foda kuchoka pa kompyuta yakale kupita pa seva, n'kutuluka ndi amalume kukaona za magetsi.

Foda ya mayi ili pakati posamuka, pa sikirini panatuluka uthenga woti fayilo ya dzina limeneli ilipo kale. Panali mabatani awiri, loti yatsopano ilowe m'malo mwa yakale, ndi loti idumphidwe. Phee anayang'ana kukhomo. Mawu a a Nthambo ankamveka panja, akuseka. Kuwaitana kunali kovuta kuposa kuganiza yekha, ndiye anaganiza. Kulowa m'malo ndiye kuti china chifufutika. Kudumpha sikufufuta kanthu. Mwina a Nthambo anali atakopera kale ena poyesa. Anadina kudumpha, ndipo pamene uthengawo unabweranso, anachonga poti zikhale choncho kwa onse.

Tsiku lotsatira a Nthambo anabwera kudzapukuta kompyuta yakale, kufufuta zonse za m'menemo, kuti aikemo mapulogalamu atsopano.

"Zonse zawoloka, profesa?"

Phee anagwedeza mutu kuvomera.

Panapita nthawi. Masana ena akuchokera kogula mabatire, anamva mayi ake akulankhula pa sipika ya pakhomo la sitolo, akuitana anthu kuti adzagule sopo wothana ndi litsiro lililonse. Anthu ankangodutsa. Phee anaima pakati pa njira mpaka wa njinga anamukalipira. Atafika ku situdiyo sanapereke n'komwe mabatire aja. Anavala mahedifoni n'kutsegula foda ya mayi ake pa seva.

Maina onse anali a zilembo zazikulu. Anatsegula SOPO, anamva mawu osalala. Anatsegula NSAPATO, osalala. Anafufuza polemba dzina ndi zilembo zazing'ono, koma kompyuta inamubweretsera SOPO yemweyo. Anapita pa kompyuta yakale, anapeza chithunzi cha maluwa ndi mafoda opanda kanthu. Amalume anamupeza atagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo zinamutengera nthawi kuti awauze chimene chasowa.

A Nthambo anafika akuseka kuti profesa wasokoneza chiyani, koma ataona nkhope za awiriwo anasiya kuseka n'kukhala pansi. Anafufuza, anafunsa za uthenga uja, kenako anafotokoza. Kompyuta yakale inkaona SOPO ndi sopo ngati maina awiri. Pulogalamu yogawira mafayilo pa seva imayamba yasandutsa zilembo zonse kukhala zofanana isanayerekeze maina, ndiye kwa iyo awiriwo ndi munthu mmodzi. Pa mzere, a zilembo zazikulu ndiwo amatsogola. Analowa, ndipo ang'onoang'ono atafika anapeza malo atatengedwa, n'kudumphidwa. A Nthambo anayesa kukumba mu kompyuta yakale, koma mapulogalamu atsopano anali atakhala pamwamba pa zonse.

"Mlandu ndi wanga, mlongo," anatero osamuyang'ana. "Ndimayenera kufunsa ndisanapukute."

Phee akanakonda a Nthambo akanamukalipira. Amalume anangovula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya, ngakhale anali oyera kale.

A Nthambo akutseka foda, anaona pansi penipeni mafayilo awiri a maina osawerengeka, odzaza timabokosi ndi zizindikiro za funso. Anati zimachitika dzina likakhala ndi chilembo chimene pulogalamu sikuchidziwa, monga ŵ, chija chovala kachipewa pamwamba. Imalephera kuchisandutsa, imangochiphwanya, ndipo chachikulu ndi chaching'ono zimaphwanyika mosiyana. Choncho awiriwa sanafanane, onse anawoloka.

Yoyamba inali malonda a sukulu ya mkaka. Yachiwiri inali yaifupi. A Nthambo anachotsa mahedifoni kuti imveke pa sipika.

Mpando unalira. Mayi anakonza pakhosi, n'kuyamba kung'ung'udza kanyimbo. Kenako kunamveka chitseko chikutseguka.

"Phee, ndiwe? Ukufuna chiyani?" Panali zii. "Lankhula, mwana iwe, ndili pa ntchito." Zii. Ndiyeno kaseko kaja, kosasa, kothamanga. "Mwana uyu ndinabereka ndekha koma. Chabwino, tseka chitseko, ukandiuza kunyumba."

Chitseko chinatsekeka. Mayi anapuma kamodzi, fayilo n'kuthera pomwepo.

Amalume anadzuka n'kutuluka panja osatenga magalasi awo. Phee anayesetsa kukumbukira tsiku limenelo, chimene anavala, chimene anabwera kudzanena. Palibe chinabwera. Anali ataimapo pa chitseko chimenecho kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri ankabwerera osanena kanthu.

A Nthambo anasisita m'khosi. Ananena motsitsa kuti angathe kukonza dzinalo kuti lizioneka bwino, kuti asamavutike kuipeza fayiloyo, ndipo dzanja lawo linali litafika kale pa mausi.

"Ayi, achimwene," anatero Phee, mokweza kuposa mmene iye mwini ankayembekezera. "Musalikhudze. Lisiyeni choncho."

A Nthambo anabweza dzanja. Phee anakoka mpando, anavalanso mahedifoni, n'kuyambanso pamene mpando ukulira.