Pikapu ya ba Obed Ikana Kulira

Bokosi la ba Chalwe linali litakwezedwa kale pa pikapu, amayi a kwaya atayamba nyimbo, pamene ba Obed anapotokola kiyi. Injini inangoti tche tche, basi.

"Kankhani monga masiku onse," anatero ba Obed.

Pikapuyi inali yakale kuposa theka la anthu olirawo. Kwa zaka makumi awiri, aliyense womwalira mumsewu wawo ku Matero ankapita kumanda a Chingwere pamsana pake, ndipo ba Obed sankaona chifukwa chogulira batire latsopano pomwe anthu a mikono analipo. Koma chaka chatha shuga anawadulitsa mwendo wa kumanzere, mwendo wa klachi. Ba Chalwe, mnzawo wa pa nsolo, ndiwo anawakakamiza kuikamo giyabokosi ya otomatiki, yosafuna klachi. "Ine siniyenda ku Chingwere na dalaivala wa eni," ankatero ali gone. "Uzanipeleka ndiwe, pa sitelingi." Makanika Nkandu anachotsa giyabokosi ya magiya asanu ndi atatu m'galimoto yatsopano yomwe inachita ngozi. Anasema, anawotcherera, namangirira kakompyuta kake pansi pa mpando. Anamaliza Lachiwiri. Lachitatu ba Chalwe anamwalira.

Amuna asanu ndi mmodzi anakankha mpaka pa mpopi. Phazi lomwe ba Obed analibe linafunafuna klachi yomwe kunalibenso. Injini sinalire.

Nkandu anatulukira m'khamumo ali wefuwefu.

"Lekani, lekani. Ba Obed, otomatiki siilila na kukankha. Ninakuuzani kuti mugule batire."

"Unakamba vinthu vambiri, Nkandu."

Iwo akulankhula choncho, ba Lombe, oyendetsa lole ya tchalitchi yonyamula olira, anali atayandikiza kale lole yawo ndi kulumikiza mawaya kuti apatseko pikapu moto. Pansi pa mpando panatuluka kautsi konunkha pulasitiki. Nkandu anagwira kumutu.

"Ba Lombe, lole yanu ili na mabatire awiri. Mwaocha kompyuta. Ina kuti ipezeke ni sabata."

"Nenze kufuna chabe kuthandiza."

"Fulumira anadya gaga, bakamba," anatero Nkandu.

Ba Lombe anayang'ana dzuwa. "Manje tizachita bwanji? Abusa alindila kumanda. Tisamutse bokosi ku lole."

Amuna anayi anayandikira bokosilo. Ba Obed sanacheuke. Anangogwira chiwongolero zolimba, maso kutsogolo. Pa zaka zonse za ubwenzi wawo ba Chalwe anawapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo chinthucho chinali kutsitsidwa kumbuyo kwawo.

"Siyani bokosi."

Anali ba Felistus, mkazi wa malemu. Amayi awiri omwe anawagwiriza anayesa kuwakhazika pansi, koma iwo anayenda mpaka pa Nkandu.

"Mwana wanga, olo injini yafa, mawilo ayenda?"

"Ayenda, amayi. Koma sitelingi izakosa monga mwala, na mabuleki pamodzi."

"Ba Obed, manja muli nayo yonse yabili?"

"Nili nayo, mulamu," anayankha ba Obed motsitsa mawu.

"Amuna anga sanakambepo va injini. Anati apelekedwe na ba Obed."

"Amayi, ku Chingwere ni patali," anatero ba Lombe.

"Kwamene ayenda amuna anga ni pafupi?"

Ba Felistus anamanga chitenje chawo mwamphamvu m'chiuno, naika manja onse awiri kumbuyo kwa pikapu. Nkandu anavula jekete, naima pambali pawo. Kenaka amuna aja, kenaka amayi a kwaya, ndipo nyimbo inayambiranso pomwe inalekera.

Anafika kumanda dzuwa litapendeka, akusinthana pokankha, lole ikukwawa pambuyo pawo ili ndi ba Lombe okha. Pachipata ba Obed anaponda buleki ndi phazi lawo lotsalalo ndi mphamvu zawo zonse. Pikapu inaima.

"Tafika, Chalwe," anatero. "Seluka pa pikapu manje."