Wotchi Ikuti Atelala Ayenda

Chibwerere wotchi ija m'nyumba, mkazi wa telala ankamva ngati mwamuna wake wamulowetsera mkazi wachiwiri. Akafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, abambo?" mwamunayo ankayamba wakweza mkono n'kutsinzinira diso limodzi. "Ikuti ndagona bwino." Chonsecho usiku wonse anali akutembenukatembenuka, kupempha pilo wina kuti mpweya uzituluka.

Adokotala anali atanena mosapita m'mbali kuti mtima watopa, munthuyu aziyenda tsiku lililonse. Mwana wawo wachisamba, yemwe ankagwira ntchito kutali, pomva izi anatumiza wotchi yowerenga kuyenda kwa munthu ndi kugunda kwa mtima, n'kuilumikiza ku foni yake. Madzulo ankaimba mokondwa. "Amayi, bambo akulimbikiratu! Lero aposa ndi ine ndemwe."

Mayiyo ankangoluma mlomo. Kuyenda kwake kuti? Munthu wake ankamudziwa. Akachoka kuchipinda ankakakhala pamashini pakhonde, akachoka pamashini n'kukhala patebulo, basi ulendo wathera pomwepo. Dzanja lamanja lokha, lomwe linali ndi wotchiyo, ndilo silinkapuma: kupukusa chogwirira cha mashini, kukoka nsalu, kusita. Wotchiyo inkangoti zonsezo ndi mapazi.

"Abambo, miyendo yanuyi ikutupatu."

"Inu amayi, udokotala mwauyamba liti? Taonani apa, kamtima kobiriwira. Chinthu ichi sichinama."

Chomwe chinkamupsetsa mtima kwambiri n'chakuti mwamunayo sanali chitsiru. Zaka zonsezi ankamumva akuuza makasitomala kuti tepi imangoyeza, wodziwa chovala ndi thupi. Sankalola munthu kunyamula suti asanaivale. "Takhalani pansi. Kwezani manja. Mukumva bwanji m'khwapamu?" Koma lake thupi ankalifunsa kwa kagalasi ka pamkono.

Loweruka m'mawa akuchapa, anatembenuza thalauza la mwamunayo n'kuona zachilendo. Msoko wa m'mwendo unali utamasulidwa, kansalu kena kataikidwamo kuyambira pabondo mpaka pansi, kosokedwa mwaluso moti kunja sungakaone. Anatembenuza lina, chimodzimodzi. Ndiye kuti ankadziwa! Thupi linamuuza kalekale, iye n'kuliyankha ndi singano. Mkwiyo unamugwira, koma pansi pake panali mantha enieni. Munthu ameneyu adzagwa tsiku lina osadzukanso, kamtima kobiriwira kali pamkono.

Anatulukira pakhonde thovu lili m'manja, n'kuponya thalauza lonyowalo pamashini.

"Ichi n'chiyani?"

"Aa, linangondithina pang'ono."

"Bweretsani mkono."

Anamuvula wotchiyo mosapempha, anaimanga pamkono pake, n'kugwira chogwirira chija. Anapukusa ndi ukali wonse wa miyezi imeneyi, mashini opanda nsalu akulira ngati chigayo.

"Muthyola singano, amayi!"

"Ithyoke! Ndili pa ulendo ine, musandisokoneze."

Anapukusabe mpaka phewa linachita dzanzi. Wotchi inanjenjemera, tinyenyezi tikuthwanima pagalasi kumuyamikira. Posakhalitsa foni inalira m'thumba la epuloni. Anaitsegula kuti onse amve.

"Amayi, bambo ali kuti? Kodi ayamba zothamanga? Auzeni asapitirize muyeso."

"Ali pompano, mwanawe, akhala phee. Wathamanga ndine, nditaima malo amodzi. Lankhula nawo."

Telala anayang'ana foniyo, anayang'ana thalauza lomwe linkadontha madzi pa nsalu ya kasitomala. Kenako anaweramira pansi pa tebulo, kumene ankabisa mapazi. Anali atafufuma, khungu likunyezimira, akakolo osaonekanso.

"Sindinayende ine, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Chibwerere wotchi yakoyi sindinafikeko ndi pamsewu pomwe. Ndimaopa. Ndikayenda pang'ono, mpweya umandithera."

Mayiyo anavula wotchi ija n'kuiika pamashini. Anangopukuta manja pa epuloni.

"Dzukani, tikupita kuchipatala."

Mwamunayo anagwira tebulo n'kuimirira pang'onopang'ono. "Ndipatseniko patapata, amayi. Nsapato zinandikana mwezi watha."

Anatuluka pageti atagwirana mkono, akuimaima kuti bamboyo apume, mayiyo akung'ung'udza njira yonse koma osamutaya. Wotchi inatsala pamashini, pafupi ndi sizasi. Pa ulendo wokhawo umene telala anayendadi ndi miyendo yake, sinawerenge kanthu.