Envelopu ya m'Jekete la a Yotamu

"Nanga kalatayi inali kuti masiku onsewa?" anafunsa Mathilda Chikhosi.

A Yotamu, mkulu wa mpingo umene Mathilda ankapemphera, anayang'ana nsapato zawo zonyowa. Che Yahya, mkulu wa kumzikiti, anakonza chipewa chimene chinali chitakhala kale bwino. Pakati pawo panali Afiya, mtsikana wa ku Mangochi, manja ali pamiyendo ngati akudikira jakisoni.

Linali Loweruka m'mawa. Mathilda anali phungu wa dera lina la Scarborough ku nyumba ya malamulo ya chigawo cha Ontario m'dziko la Canada, ndipo ofesi yake inali pakati pa malo ometera ndi sitolo ya mafoni. Asanalowe ndale anaphunzitsa zaka makumi awiri, ku Dedza kenako kunoku, moti mpaka pano ankawerenga kalata iliyonse cholembera chofiira chili m'manja. Anazunguliza deti, nawerenga masiku pa kalendala. Anabwerezanso.

Kalatayo inachokera ku boma lalikulu ku Ottawa. Afiya ankasamalira okalamba ku North York, ndipo pempho lake lowonjezera pemiti ya ntchito linakanidwa chifukwa panasowa pepala limodzi la abwana ake. Nkhani yaing'ono. Akanatha kuikonza pasanathe masiku 90. Masikuwo anatha Lachiwiri la sabata yatha.

"Olemekezeka, zinayenda mwadongosolo," anayamba a Yotamu atatsokomola. "Mwanayu sakanangotulukira kwa inu ngati alibe akuluakulu. Anapita kwa Che Yahya."

"Inafika m'mwezi wa Ramadani," anatero Che Yahya. "Ndinati timasule kaye, ndipo ndikawaone a Yotamu, popeza amapemphera nanu."

"Ndiye inu, bambo?"

A Yotamu anagwira thumba la jekete, momwe envelopu ya kalatayo inasiya chizindikiro chake. "Lamulungu loyamba panali maliro aja. Lamulungu lotsatira munazunguliridwa ndi anthu. Linalo ndinakuonani mwatopa, ndinati ayi, munthu wamkulu sitimupanikiza pakhomo la tchalitchi ngati tikugulitsa tomato."

Mathilda anatembenukira kwa Afiya. "Iwe umakhala kuti, mwanawe?"

"Kuseri kwa msewuwu, mayi. Basi ndimakwerera pomwepa. M'mawa ndimakuonani pawindo mukumwa tiyi."

"Bwanji sunalowe?"

"Ndinalibe wondilowetsa."

Pachitsekopo panali chikwangwani choti aliyense alowe, m'zilankhulo zisanu. Anthu ankalowadi. Ena ankalowa akukalipa kale za lendi, ena za mzere wa kuchipatala, ndipo bambo wina ankabwera Lachisanu lililonse kudzamuuza kuti sadzamuvoteranso. Okhawo amene sankalowa anali anthu akwawo, chifukwa ankamulemekeza kwambiri.

Anatenga foni n'kuimbira Christine, loya amene kale anali mwana wake wa sukulu. Christine anamvetsera, nafunsa deti kawiri.

"Aphunzitsi, akanabwera sabata ziwiri zapitazo, inali ntchito ya madzulo amodzi. Pano akuyenera kutuluka m'dziko, akapemphenso pemitiyo ali kunja. Mwina zitheka, koma si chaka chino."

"Palibe amene ndingamulembere?"

"Lembani ndithu. Koma mukudziwa nokha, za mapemiti si za chigawo. Kalata yanu akaiwerenga ngati ya wina aliyense."

Ankadziwadi. Chimene sankakumbuka n'chakuti analiuzapo liti gulu lakwawo zimenezi. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, pa ukwati ndi pa chikondwerero cha ufulu wa Malawi, ankamukhazika kutsogolo pa mpando wa khushoni. Amayi amene sabata yonse ankanyamula odwala ankamubweretsera madzi osamba m'manja atagwada. Wolengeza ankati tsopano tili ndi wathu m'boma, palibenso chotivuta. Iye ankamwetulira. Ku nyumba ya malamulo ankakhala mzere wakumbuyo, kuvota mmene chipani chanenera, kulankhula mphindi imodzi ndi theka ikamupeza. Mpando wa khushoni uja unkamukomera, ndipo sanaone chifukwa chowongolera wolengezayo.

Ali mphunzitsi, mwana akachedwa ndi ntchito ankamuyang'ana mwaukali pang'ono n'kunena kuti, "Ubweretse mawa." Mphamvu yoposa imeneyo sanakhalenso nayo.

Anaika foni pansi n'kuwafotokozera zonse m'Chichewa chosazungulira. A Yotamu anagwedeza mutu ngati akumva ulaliki wabwino.

"Tamva, Olemekezeka. Malamulo ndi malamulo. Koma inuyo mukangoimba foni kumtundako..."

"Kumtunda kulibe amene amandidziwa, bambo."

A Yotamu anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi kudzichepetsa. Che Yahya sanaseke. Anali akuyang'ana kalendala ija.

"Tsono ndipite liti?" anafunsa Afiya.

"Msanga. Ukachedwa, zidzavuta kuti ubwerenso."

"Pali agogo ena kuntchito, sadya ndikapanda kuwadyetsa ine. Ndingakawatsanzike?"

"Kutsanzika ungathe. Kugwira ntchito ayi."

Afiya anaimirira, napinda kalata yake bwinobwino motsata mizere yakale. Kenako anapinda maondo pa kapeti wa ofesiyo.

"Zikomo kwambiri, mayi, potilandira. Tadya nthawi yanu."

"Dzuka, chonde," anatero Mathilda, koma mawu ake anatuluka ngati a m'kalasi, ndipo Afiya anadzuka mofulumira ngati walakwa.

Anatuluka motsogozana, akuluakulu patsogolo. Panja a Yotamu ankafotokozera Che Yahya kanthu kena ndi manja onse awiri. Afiya anaima payekha, mphepo ikukoka mpango wake.

Olivia, mlembi wa muofesimo, mwana wobadwira kunoku amene Chichewa ankangochimva, anasuzumira pakhomo. Analankhula m'Chingerezi kuti a chipani aimbanso, akufuna mafomu oimira pa chisankho chikubwerachi asainidwe pofika Lolemba, ndipo ati dera lino n'losavuta, apambananso.

Mathilda anavundikira cholembera chake. Anamuyankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti amve liwu lililonse.

"Uwauze afune wina."