Jezi ya Kamvuluvulu

A Nangondo analota masana a Lachisanu, dzuwa likuswa mtengo, atangotsamira khoma la pakhonde kuti msana upumeko. Analota kuti majezi khumi ndi asanu ndi imodzi a timu ya Kanyimbi Renjazi, omwe anali atangowayanika pachingwe, aitanitsa msonkhano.

Sizinawadabwitse. Sabata imeneyo pa Kanyimbi chilichonse chokhala ndi pakamwa chinkakamba za mpira, pakuti timu inali itafika mu ndime ya chipulula, ija yoti ukangogonja kamodzi basi wapakira. Tsono pa Kanyimbi sawerenga maina a osewera pagulu. Mwambo wake ndi woti Lachisanu madzulo wochapa majezi amasenza beseni n'kuyenda khomo ndi khomo. Amene wapeza jezi pachitseko pake ndiye akakwera lole Loweruka, ndipo amene sanaipeze amadziwa yekha, popanda womuchititsa manyazi. Wochapayo anali a Nangondo, omwenso ankatsogolera nyimbo za masapota.

Majezi khumi ndi asanu anali ndi eni ake kale. Yovuta inali nambala 11, ya wothamanga m'mbali mwa bwalo cha kumanzere. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri jezi imeneyi sinkayenda ulendo: inkangochoka pachingwe n'kulowa m'nyumba mwa a Nangondo momwemo, chifukwa mwini wake anali amuna awo, a Dizimasi Kamtedza, amene dera lonse linkawatcha Kamvuluvulu. Koma kamvuluvuluyo tsopano anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndiponso mawondo olira ngati chitseko cha khola. Ndiye kunali Yotamu wakabaza, mwamuna wa miyendo yokwera phiri atanyamula matumba awiri a chimanga, amene chaka chonse ankangotenthetsa benchi.

Jezi ya goloboyi ndiyo inatsegula msonkhano, poti inali ya manja aatali. Inapempha onse kuti akhale pansi, koma palibe inakhala chifukwa zonse zinali zopanidwa pachingwe.

Kenako masapota anayamba kutuluka m'beseni lochapira, mmodzimmodzi, ali ouma bwinobwino. Oyamba anali a Jalasi ometa, atagwira makina awo, pambuyo pawo pakubwera munthu wometedwa mbali imodzi, nsalu ikadali m'khosi. Anatsatira a Bwanali a pachiwaya, atasenza chiwaya chawo, mafuta akuwira pamutupo. Anatuluka ena ambiri mpaka bwalo la nyumba linadzaza, ndipo mpanda unasuntha pang'ono kuti onse akwane.

"Ndi ulemu wonse," anatero a Jalasi, "tsabola wakale sawawa. Nambala 11 ipite kwa Yotamu."

"Ndi ulemu woposa pamenepo," anayankha a Bwanali, "galu wamkota sakandira pachabe. Kamvuluvulu akaponya mpira kuchokera m'mbali umafikira pamutu pa munthu ngati wachita kuuikapo ndi manja. Yotamu wanuyo amathamanga mpaka kuuiwala mpira m'mbuyo."

"Kuti Kamvuluvulu auponye ayambe waupeza," anatero a Jalasi. "Tsiku lija unawadutsa, iwo n'kuupatsa moni."

Wina anati Kamvuluvulu asamukire kumanja, Yotamu atenge kumanzere. Jezi nambala 7 inakana mwaulemu, inati ili ndi mwini wake ndipo sinamulakwire. Wina anati akatchinge kumbuyo, kumene sikufuna liwiro kwambiri. Jezi nambala 3 itamva zimenezo inadzipinda yokha n'kukhala ngati kansalu kopukutira. Anafunsa maganizo a kochi. A Jalasi anamutulutsa m'thumba la malaya, ali wamng'ono ngati bokosi la machesi, namuimika padzanja. Kochi anakonza kapusi kake nati zimene masapota anene iyenso ndi zomwezo, ndipo anamubwezera m'thumba.

Anavota pokweza manja. Mbali zonse ziwiri zinafanana. Anavotanso, a Bwanali anakweza manja atatu, koma a Jalasi nawo anali atamera lachitatu. Anaitana mbuzi zomwe zinkadya makoko a nthochi kuseri kwa bafa, ndipo mbuzizo zinagawikana pakati ndendende. Zoona zake, anthu a pa Kanyimbi mkangano amaukonda kuposa chigoli, ndipo onse pamenepo ankaoneka okondwa ngati ali paukwati. Chimene panalibe ndi munthu wolimba mtima woti akamuyang'ane Kamvuluvulu m'maso.

Apo m'pamene malemu a Gwaza anatulukira m'khitchini atakwera njinga. A Gwaza ndiwo anayambitsa timuyi, ndipo anali ataikidwa m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anali atavala suti yomwe ija anawaika nayo, wezulo ali m'khosi. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa papaya n'kupereka moni kwa aliyense, osadumpha ndi mbuzi zomwe.

"Kumeneko muli bwanji, achimwene?" anafunsa a Bwanali.

"Tili bwino, kungoti bwalo lathu n'lotsetsereka. Nkhani yanuyi kwathunso yafika. Tavota kanayi, tikungofanana." Anatembenukira kwa a Nangondo, navula chipewa. "Mayi, masapota amaona mpira, koma jezi amaiona ndi wochapa. Beseni lili m'manja mwanu. Tsegulani chitseko cha kuchipinda kwanu, mulowe. Mzere musauponde."

A Nangondo mtima unawawa, chifukwa a Gwaza ananena zoona. Iwo ankadziwa zimene masapota sankadziwa. Nambala 11 inkabwera yonyowa kuposa majezi onse, koma yopanda dothi, yopanda msipu, chifukwa mwini wake sankafikanso pomwe pali kulimbana. Ankadziwanso za madzi otentha ndi mchere omwe ankathowa nawo mawondo aja Loweruka lililonse, zitseko zitatsekedwa. Mwamuna ameneyu ankamukonda kwambiri, ndipo anayamba kumukonda akumuona akuthamanga. Anasenza beseni lopanda kanthu nalowa m'nyumba.

Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kunali bwalo la mpira. Bedi linali pakati penipeni, koma silinkasokoneza masewero. Kumanzere kunali mzere wa phulusa, ndipo mkati mwa mzerewo a Dizimasi ankathamanga ndi mpira, atavala nambala 11, thukuta lili kamukamu.

Mbali imeneyo ya bwalo inali yaitali. Inadutsa kuchigayo, n'kudutsa kuseri kwa tchalitchi, n'kulowa m'madimba a tomato, n'kutulukira pamsika. Kambendera ka pakona kankaoneka patsogolo, koma a Dizimasi akayandikira, kankazuka n'kukadzibzala patali. A Nangondo ankayenda kunja kwa mzere, mayendedwe opitira kumjigo, ndipo ankayenderana nawo bwinobwino. Pena ankachita kuima kuti awadikire. Kumbuyo kwawo lole inkabwera yokha popanda dalaivala, masapota onse ali pamwamba, akukanganabe.

"Mwaswera bwanji, bambo a Takondwa?" a Nangondo anafunsa amuna awo.

"Ndaswera bwino, kaya inu a Nangondo. Mundikhululukire sindiima, ndili paliwiro."

"Munauyamba liti ulendowu?"

"Chaka chimene tinafolera nyumba ndi malata."

Bondo lakumanzere linatsokomola kuti limveke. "Mayi," linatero, "ife tinalemba kalata yopuma pantchito zaka zitatu zapitazo. Mpaka lero sinayankhidwe."

"Inenso ndinasainapo," linatero lakumanja.

"Musawamvere awa," anatero a Dizimasi. "Ndi aulesi chibadwire."

Anadutsa pachipatala chaching'ono, anamwino anawaombera m'manja. Anawoloka mtsinje, mpira unayandama n'kuwadikira kutsidya. Pamwamba pa lole a Jalasi ankafuula kuti taonani, akupitiridwa ndi mayi wosenza beseni, a Bwanali n'kumayankha kuti mayiyo ndiye waliwiro, vuto si la Kamvuluvulu.

"Nanga bwanji osaima pang'ono?" anafunsa a Nangondo.

"Wosewera saima yekha, amachita kutulutsidwa. Kochi amandiopa. Masapota amandikonda. Inu mukuyimba." Anapuma kawiri katatu mpweya usanabwerere. "Tandiuzani, a Nangondo, mwamuna angaime bwanji mkazi wake akuyimba dzina lake pagulu?"

Pamenepo m'pamene a Nangondo anazindikira kuti pakamwa pawo pankayimba. Ngakhale pomwe ankalankhula, nyimbo inkatuluka yokha m'mbali mwa milomo, ija ya Kamvuluvulu wadza, tsekani mazenera, ndipo masapota pa lole ankavomera, a Jalasi omwe. Zaka zonsezi iwo ankayesa kuti akumulimbitsa mtima mwamuna wawo, osadziwa kuti akumuthamangitsa. Anachita manyazi, komanso chisoni chinawagwira, komabe kunali kovuta kusaseka, poti anthu awiri okhala nyumba imodzi anali atapusitsana zaka zitatu chifukwa cha chikondi.

Anagwira pakamwa ndi dzanja. Nyimbo inakankha kawiri m'zala zawo, kenako inakhala pansi.

Kunangoti zii. Lole inaima. Chigayo, tchalitchi, madimba ndi mtsinje zinabwerera m'malo mwake, bwalo linafupika kukhala bwalo wamba, ndipo kambendera ka pakona kanabwera kokha kudzaima pafupi ndi phazi la a Dizimasi, kakuoneka kotopa nakonso. A Dizimasi anakweza maso, nauponya mpira ndi mwendo wakumanzere. Unali mpira wokongola, wokhota pang'onopang'ono mlengalenga, ndipo masapota a mbali zonse ziwiri anavula zipewa. Sunatsike. Malemu a Gwaza anauyang'ana mpaka unalowa mumtambo, nati auona ukafika kwawo.

Pamzere panali pataima Yotamu, njinga yake yakabaza ataigoneka pansi, manja ali kumbuyo, maso ali pansi.

A Nangondo anatula beseni. Mawu awo anatuluka odekha ngati a m'tchalitchi. "Nambala 11, tulukani."

A Dizimasi anayenda mpaka pamzere wa phulusa. Anaima, zala za kumapazi zitatsala pang'ono kuukhudza, nasuzumira kunja monga munthu amasuzumira m'chitsime.

"Kunjako kuli chiyani, a Nangondo?"

"Kuli mthunzi, kuli mkangano, kuli ine."

"Mkanganowo amalola aliyense?"

"Aliyense. Ndi mbuzi zomwe."

A Dizimasi anakweza phazi. A Gwaza anaika wezulo pakamwa, natupitsa masaya. Phazi lija linali m'mwamba, pamwamba penipeni pa mzere, pamene a Nangondo anadzidzimuka.

Dzuwa linali litapendeka. Majezi anali pachingwe, ouma, ali chete. Pabwalo panali pataima a Dizimasi enieni, akuchokera kokonzekera masewero, nsapato za mpira atazikoleka m'khosi, ataimira mwendo umodzi mochenjera kuti kutsimphina kusaoneke.

"Mwagona masana ngati mwana, a Nangondo," anatero akuseka. "Nthawi yoyenda ndi beseni yakwana. Yanga yauma?"

A Nangondo anadzuka, nakonza chitenje. Anayanula majezi imodziimodzi n'kumapinda, ndipo nambala 11 anaiyanula pomaliza. Kenako anawayang'ana amuna awo m'maso.

"Yauma, bambo a Takondwa. Koma lero ikwera m'beseni. Ikupita kwa Yotamu. Inu mawa mukakhala pafupi ndi ine."

Nkhuku inadutsa pakati pawo. Kenako a Dizimasi anatambasula dzanja, ndipo a Nangondo anawapatsa jeziyo. Anaitembenuza, nayang'ana manambala aja omwe anali atayamba kusupuka, kenako anaiika kumaso ngati akupukuta thukuta. Anapukuta nthawi yaitali, yoposa imene thukuta limafuna. Atachotsa, maso anali ofiira, koma anakhala pansi pakhonde, natambasula miyendo yonse iwiri poyera, osabisanso kanthu.

"Mumuuze asamathamange mutu uli pansi," anatero. "Ndipo a Jalasi asayerekeze kuti apambana, mawa ndikawayankha ndekha." Anawabwezera jezi ija ili yonyowa. "Koma muyambe mwaichapanso. Mwana wa eni ake asavale misozi ya nkhalamba."