Zala Ziwiri Pachibwano

"Alamu, muuzeni abwerezenso, koma pang'onopang'ono," anatero Lloyd kwa mlamu wake Filomena, foni ili m'mwamba.

Dorica, mlongo wake wosamva, anasiya mtedza umene ankasenda n'kugwiranso pachibwano ndi zala ziwiri. Foni inalemba kuti siyikuzindikira kanthu. Aka kanali kachinayi.

Lloyd anabwera kwawo ku Mkaika, m'boma la Katete, kuchokera kukoleji ku Lusaka akudziguguda pamtima kuti wapanga pulogalamu yowerenga chinenero chamanja. Anaiphunzitsa ndi zithunzi zikwizikwi za manja zimene anazipeza pa intaneti, zojambulidwa ku Malaysia. Ndi sukulu yake yonseyo, sizinam'fikire m'mutu kuti osamva a ku Malaysia amayankhula zawo, a ku Katete nawonso zawo. Nanga Dorica, amene m'kalasi sanapondemo? Zizindikiro zake zinali zapakhomo pomwepo.

Anthu amene Lloyd anawaitana kudzaona zodabwitsa anayamba kukhosomola ndi kuyang'anana.

"Kodi alamu, foni yanuyi mwaidyetsa lero?" anafunsa Filomena, mkazi wa mkulu wake, amene ankalima ndi Dorica tsiku ndi tsiku.

"Ni netiweki chabe," anayankha Lloyd m'Chinyanja cha ku Lusaka, thukuta lili kamukamu. "Olo mwina akulakwitsa ni yeve. Ici cizindikiro kulibe."

Filomena anasiya kuseka.

"Chilipo, alamu. Ndi dzina lanu limenelo."

"Dzina langa?"

"Chipsera chanucho. Si paja munagwa mumtengo wa mango muli mwana, iye n'kukuberekani mpaka kumsewu? Chifikireni akukuitanani, inu maso pafoni. Basi ikaima pamsewu amagwira pamenepo, kufunsa ngati ndinu."

Lloyd anakweza dzanja n'kuchipeza chipseracho pansi pa ndevu. Manyazi anamugwira. Zaka makumi awiri ndi zinayi ali ndi mlongo m'nyumba, ndipo dzina lake lomwe ankachita kumasuliridwa ndi mlamu wobwera dzana. Anthu aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osatsanzika.

Anaika foni m'thumba n'kukhala pamphasa.

"Nanga iye dzina lake amalitchula bwanji?" anafunsa motsitsa mawu.

"Mwini wake ndi uyo, m'funseni," anatero Filomena, akunyamula lichero.

Lloyd anamuloza Dorica pachifuwa n'kutambasula manja, osadziwa ngati ndimo mofunsira. Dorica anamuyang'ana. Kenako anasansa makoko pachitenje, nagwira dzanja la mlongo wake n'kuyamba kumupinda zala.